Nkhani Imayamba Yagona pa Chitsulo

Puleti yosindikizira nyuzipepala ndi chitsulo chopyapyala cha aluminiyamu, kuchindikala kwake pafupifupi mamilimita 0.3 basi. Mbali imodzi n'chonyezimira, mbali inayo n'chotuwa, ndipo pa mbali yotuwayo ndi pamene pamagona tsamba lonse la nyuzipepala: mitu ya nkhani, zithunzi, zotsatsa malonda, mpaka nambala ya tsamba. Mukayendetsa chala pamwamba pake simumva kanthu. Zilembozo sizinatukuke, sizinagobedwe, zangosalala see pamodzi ndi chitsulocho. Nanga inki imadziwa bwanji poti ikhale ndi poti isakhale?

Madzi ndi mafuta sayanjana, ndipo ntchito yonseyi yatsamira pamenepo. Alois Senefelder wa ku Munich ndiye anayamba kupindula ndi udani umenewu cha mu 1796. Ankalemba pa mwala wosalala ndi inki yamafuta, n'kunyowetsa mwalawo, ndipo akapaka inki ina inkakakamira pa zolemba zokha, ponyowa ponse n'kulekapo. Mwala unalowedwa m'malo ndi aluminiyamu, koma nzeru ndi yomweyo. Kufakitale amakhakhalitsa nkhope ya chitsulocho pang'ono chabe, mosaoneka ndi maso, kuti izisunga madzi, kenako amapakapo mankhwala omva kuwala. M'nyumba yosindikizira, kuwala ndiko kumalemba tsamba pa mankhwalawo, kale kudzera m'filimu, masiku ano molunjika kuchokera pa kompyuta. Puleti ikatsukidwa, mankhwala amatsala pa zilembo ndi pa zithunzi pokha. Pamenepo pamakana madzi n'kulandira inki. Pena ponse pamamwa madzi, inki osakhalapo.

Puleti ikapindidwa m'mphepete imakulungidwa pa silinda ya makina. Pozungulira imayamba yakumana ndi marola a madzi, kenako a inki, ndipo pepala siiligunda n'komwe. Imasiya inkiyo pa bulangeti la mphira lokulungidwa pa silinda ina, ndipo bulangetilo ndi limene limadinda pepala. N'chifukwa chake puleti imawerengeka bwinobwino, pa bulangeti mawu amatembenuka, papepala n'kubwerera m'malo mwake. Ira Rubel wa ku New Jersey anatulukira ubwino wa njirayi cha mu 1904, ataona kuti pepala likaphonya kulowa m'makina, inki yotsala pa mphira inkadinda pepala lotsatira mooneka bwino kuposa mwala weniweniwo. Bulangeti ndi lofewa, limatsatira kukhakhala kwa pepala lotchipa la nyuzipepala.

Chimene ndimasirira kwambiri chili pa munthu woima pambali pa makinawo. Madzi akachuluka, inki imasungunukira m'madzimo, zilembo n'kutuluka zotumbuluka. Akachepa, inki imalowerera poyera, tsamba n'kuda ngati lagwa pansi. Mulingo woyenera sukhala umodzimodzi tsiku lililonse. Mu Okutobala madzi amauma msanga pa marola. Mu Januwale pepala limamwa chinyezi, limatamuka, limachita makwinya. Mlimi wa burley wa ku Nsaru kapena kwa Kabudula amadziwa zotere m'chigafa mwake: amagwira tsamba mbandakucha, zala n'kumuuza ngati lafewa mokwanira kusankhidwa kapena lingofumbutuka. Woyendetsa makina nayenso amasolola pepala limodzi makina ali pa liwiro, kuliyang'ana mopendeketsa pa kuwala, kukhotetsa kabawuti ka inki pang'ono pokha moyang'anizana ndi danga limene lachepa mphamvu, n'kudikira mapepala angapo kuti aone ngati zamveka. Sathamangira kukhotetsanso. Amadziwa kuti inki imayenda m'marola ambiri isanafike pa puleti, choncho yankho limachedwa, ndipo wopupuluma amangoonongetsa mapepala.

Tsamba la mitundu limafuna mapuleti anayi: ya buluu wowala, ya wofiirira, ya wachikasu ndi ya wakuda. Chithunzi chilichonse chimaswedwa kukhala timadontho, ndipo maso athu ndi amene amatisakaniza. Nkhope ya mfumu, chitenje cha amayi a bungwe, msipu wa chimanga, zonsezi ndi madontho a mitundu inayi yokhayo ogona moyandikana. Mapuleti anayiwo ayenera kugwa pamalo amodzi ndendende. M'mphepete mwa tsamba mumakhala timitanda ting'onoting'ono, ndipo wosindikiza amatiyang'ana ndi kagalasi kokulitsira. Tikagona pamodzi n'kuoneka ngati kamtanda kamodzi, zili bwino. Tikasiyana ndi kachigawo chabe ka milimita, munthu wa pa chithunzi amatuluka ndi milomo iwiri, ndipo achibale ake amaona msanga kuposa mkonzi.

Kuno kwathu, anthu ambiri a kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe anayamba kugwira pepala losindikizidwa m'chinenero chawo kudzera kutchalitchi. A White Fathers anakhazikika ku Likuni mu 1903, n'kutsegula mishoni ya Nambuma mu 1928. Mu 1949 anayambitsa Likuni Press, ndipo chaka chotsatira, 1950, inabadwa nyuzipepala ya The African, imene mu 1984 inatenga dzina loti Odini. Inkatuluka pa milungu iwiri iliyonse, n'kuyenda m'maparishi, m'manja mwa aphunzitsi ndi akatekisiti. A Nkhoma anali atayamba kale: Mthenga wawo anayamba mu 1909, ndipo m'malo mwake munadzalowa Kuunika. Kenako kunabwera Moni wa ku Limbe mu 1964, Boma Lathu, ndi Za Achikumbi yobwera ndi alangizi. Pepala limodzi pa Mpingu kapena pa Namitete linkawerengedwa ndi anthu ambiri, wodziwa kuwerenga akuwerengera anzake mokweza, lisanakathere pokutira makope a ana kapena popichirira fodya.

Nyumba zosindikizira za m'mamishoni zinayamba ndi ntchito ya manja, ndipo ntchito imeneyo ndi yoyenera kuikumbukira bwino. Chilembo chilichonse chinali kachitsulo pachokha, ka mtovu wosakaniza ndi tin ndi antimony, kutalika kwake mamilimita 23.3, chilembo chili kumutu chotembenuka. Tizitsuloto tinkakhala m'kabati ya timagome tambirimbiri, kagome kalikonse chilembo chake. Woyala zilembo ankagwira kachitsulo koyalira ku dzanja lamanzere, lamanja likutola. Sankayang'ana chilembo chilichonse. Dzanja linkadziwa kagome, chala chachikulu chinkamva kamzera kogobeka m'mbali n'kudziwa kuti chilembo chaima bwino. Mawu ankawawerenga chadodolido ndiponso chotembenuka, pomwe b, d, p ndi q zimasinthana nkhope, n ndi u nazonso chimodzimodzi. Akafika kumapeto kwa mzere ankalowetsa tizitsulo topanda chilembo pakati pa mawu, tochindikala mosiyanasiyana, mpaka mzerewo uthine ndendende. Wolobodoka umagwetsa zilembo, wothina kwambiri umapinda tsamba lonse. Mizere ikakwana ankaimangira m'felemu yachitsulo n'kukhoma mphero m'mbali, ndipo mayeso ake anali kunyamula felemuyo pang'ono. Chikagwa chilembo chimodzi, ntchito sinathe. Ikakhuthuka yonse, tsiku lathunthu lapita. Akamaliza kusindikiza ankatsuka zilembo n'kuzibwezera chimodzichimodzi m'timagome take, chifukwa tsamba lamawa linkafuna zomwezo.

Amene ankayala Chichewa anali ndi mtolo wina umene anzawo a ku London sanaudziwe. Zilembo zinkagulitsidwa m'mipukutu yowerengedwa potsata Chingerezi, mmene e ndiye wochuluka kuposa onse, ndipo kagome kake ndiko kakakulu. Chichewa chimadya a. Chimadyanso k, w, n ndi z mopitirira mmene wopanga zilembo wa ku Ulaya ankaganizira, pamene q ndi x amangokhala osakhudzidwa. Tizizindikiro ta m', n' ndi ng' timafunika pafupifupi mzere uliwonse. Chilembo cha ŵ chinkafuna kuitanitsa mwapadera. Ndiye pali kutalika kwa mawu athu: liwu limodzi ngati akadzatithandizanso limadya theka la mzere wa danga lopapatiza la nyuzipepala, n'kusiya mipata iwiri kapena itatu yokha yogawirapo malo otsala. Woyala wosadziwa chinenero amadula liwu paliponse. Wochidziwa amadula pamene phatikizo lathera, osalekanitsa n ndi g, osasiya m yekha kumapeto. Tsegulani buku lakale la nyimbo kapena katekisimu wa agogo anu, muyang'ane kumanja kwa tsamba mmene mizere yathera. Mudzaona kuti panadutsa munthu amene ankalemekeza chinenero chake, ngakhale dzina lake mulibe m'bukumo.

Nyuzipepala zazikulu za kunja sizikanatha ndi manja okha. Mu 1886 makina a Linotype a Ottmar Mergenthaler anayamba ntchito ku New York Tribune. Munthu ankakhala pa mabatani 90, tizikombole tamkuwa tikugwa n'kufola mzere, mtovu wosungunuka pa madigiri pafupifupi 280 n'kuthiridwamo, mzere wathunthu n'kutuluka uli chitsulo chimodzi chotentha. Koma tsamba lafulati silingakwere pa makina ozungulira. Choncho ankatenga chipepala chochindikala chonyowa, kuchipanikiza pa tsamba la zilembo mpaka chitenge maonekedwe onse, kuchiumitsa chili chopindika, n'kuthiramo mtovu. Chotulukamo chinali puleti yokhota ngati theka la silinda, yolemera makilogalamu pafupifupi 20, imene ankaipala m'mbali, kuiziziritsa, n'kuthamanga nayo ku makina. Ikatha ntchito inkabwerera mumphika n'kusungunulidwa kuti ikhale nkhani zamawa.

Mphamvu ya mabungwe a osindikiza inachokera m'ndondomeko imeneyi. Tsamba linkadutsa m'manja mwa woyala mizere, wowerenga zolakwika, womanga tsamba, woumba puleti, woyendetsa makina, ndipo aliyense wa iwo anaphunzira ntchito yake zaka zisanu kapena kuposa. Mmodzi akaima, onse aima. Komanso nyuzipepala siidikira: ya lero ikalephera kutuluka, mawa palibe woigula. Onjezani kuti woyala zilembo anali wantchito wodziwa kuwerenga pa nthawi imene anzake ambiri sankadziwa, ndipo ankawerenga nkhani iliyonse dziko lisanaione. Nyumba iliyonse yosindikizira ku Britain inali ndi kagulu kake ka antchito kotchedwa chapel, kokhala ndi mtsogoleri wosankhidwa ndi anzake, koweruza za kagawidwe ka ntchito ndi za ophunzira. Ku America bungwe la oyala zilembo linakhazikitsidwa mu 1852 ndipo linadzatchedwa International Typographical Union. Linamangira mamembala ake odwala ndi okalamba nyumba ku Colorado Springs mu 1892, chifukwa fumbi la mtovu ndi mpweya wa m'zipinda zotsekeka zinkadya zifuwa za anthu, ndipo mu 1906 linanyanyala ntchito pomenyera maola asanu ndi atatu patsiku. Sitiraka ya mu 1962 ndi 1963 inatseka nyuzipepala za mu New York masiku 114.

Mabungwewa sanali opanda banga, ndipo ife a kuno tiyenera kunena zimenezi poyera. South African Typographical Union, imene inayamba mu 1898, inateteza luso ndi malipiro a amisiri achizungu, ndipo kwa zaka zambiri munthu wakuda ankangoyenera kunyamula mapepala ndi kutsuka marola. Amene anatsegula khomo lina anali mwana wa kuno, Clements Kadalie wa ku Chifira, ku Nkhata Bay, wophunzira wa ku Livingstonia. Mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town, pakati pa onyamula katundu padoko, ndipo pofika 1927 linali ndi mamembala pafupifupi 100,000. Kadalie anazindikira msanga kuti bungwe lopanda pepala lake limalankhuliridwa ndi adani ake. Mu 1923 ICU inayamba kutulutsa The Workers' Herald.

Kuno kwathu osindikiza sanakhalepo ndi mphamvu yonga ya anzawo a ku London. Anali ochepa, omwazikana m'mamishoni, kwa Government Printer ku Zomba, ndi ku Blantyre kumene kunkatuluka Nyasaland Times. Mabungwe oyamba amphamvu anali a oyendetsa galimoto, a panjanji ndi a m'masitolo. Kumishoni, wokulemba ntchito ndi yemwe anakuphunzitsa ntchitoyo, nthawi zina ndi yemwenso anakubatiza, ndipo n'kovuta kunyanyalira munthu wotero. Ufulu utabwera mu 1964, mabungwe a apantchito anaikidwa pansi pa chipani cholamula, atsogoleri olimba mtima ngati Chakufwa Chihana n'kukankhidwira kunja. Lamulo lofufuza ndi kuletsa mabuku la mu 1968 linaika diso la boma pa tsamba lililonse. Wopanga puleti wa zaka zimenezo ankawerenga dzina ndi maudindo onse a mtsogoleri wa dziko kawiri katatu, podziwa kuti chilembo chimodzi chosokonekera chikhoza kumutengera kumene sakabwerako msanga.

Komabe ntchito ya anthu omwewa ndi imene inanyamula mawu otsegula pakamwa pa dziko. Kalata ya maepiskopi a Katolika yotchedwa Living Our Faith inasindikizidwa kwa a Montfort ku Balaka, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, n'kuwerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse pa 8 Malichi 1992, ku Nambuma ndi ku Namitete komwe. Inanena za malipiro osakwanira, za mitengo imene mlimi amalandira, za mantha olankhula. Ganizirani amene anaiyala, anapanga mapuleti ake, anaipinda ndi kuimanga m'mitolo. Anaiwerenga masiku angapo dziko lisanaimve, ankadziwa chimene agwira, ndipo sinaululike mpaka tsiku lake. Boma linalamula kuti kupezeka nayo ndi mlandu, ndipo nyumba yosindikizirayo inatenthedwa ndi a Payoniya. Pa 6 Epulo Chihana, amene anali mlembi wamkulu wa mgwirizano wa mabungwe a apantchito a kummwera kwa Africa, anamangidwa atangotsika ndege pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi. Mu Meyi antchito a David Whitehead ku Blantyre ananyanyala, sitiraka n'kufalikira mpaka ku Lilongwe, ndipo anthu oposa 30 anaphedwa. Malawi Congress of Trade Unions inadzukanso mu 1995, lamulo la Labour Relations n'kubwera mu 1996. Ngakhale matenanti a m'minda ya fodya anadzakhala ndi bungwe lawo. Pofotokoza mbiri imeneyi timatchula maepiskopi ndi andale, ndipo n'koyenera, koma ine ndimaona kuti a m'chipinda cha mapuleti ku Balaka timawamana gawo lawo.

Pamene ife tinkapeza ufulu wopanga mabungwe, ku Ulaya mphamvu ya osindikiza inali itathyoka kale, ndipo chinaithyola ndi puleti yopyapyala yomweyi pamodzi ndi kompyuta. Mu Januwale 1986 Rupert Murdoch anasamutsira The Times, The Sun ndi nyuzipepala zake zina ku Wapping, kumene atolankhani ankatayipa okha nkhani, popanda mtovu, popanda woumba puleti yokhota. Antchito oposa 5,000 amene ananyanyala anachotsedwa. Anaima pa zipata chaka chathunthu, koma nyuzipepala zinkatulukabe usiku uliwonse, ndipo mu Febuluwale 1987 mabungwe anagonja. Ntchito zisanu zija zinasanduka ziwiri. Amene amati makina anangochotsa ntchito yotopetsa amanena zoona pang'ono: palibe amene angalirire utsi wa mtovu. Koma panapitanso wowerenga zolakwika amene ankaima pakati pa mtolankhani ndi owerenga, ndipo kusowa kwake kumaoneka m'nyuzipepala zathu za Chichewa, mmene kompyuta imadula mawu potsata malamulo a Chingerezi ngati palibe munthu woiletsa.

Wosindikiza wa ku Lilongwe lero amalimbana ndi zina. Puleti, inki, mankhwala otsukira, pepala, zonse zimachokera kunja ndipo zimafuna ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chilichonse mwa izi unalumpha. Magetsi akathima pakati pa ntchito, inki imayamba kuuma pa marola, puleti imauma, ndipo chitsulo chosatetezedwa chikakhala pa mpweya chimayamba kugwira inki pamene sipayenera. Choncho wodziwa ntchito sathamangira panja kukaona jenereta. Amayamba watenga siponji n'kupaka puleti ulimbo wopyapyala wa gum arabic, wochokera ku mitengo ya mtundu wa mthethe, umene Senefelder yemwe ankagwiritsa ntchito pa miyala yake. Ulimbowo umatseka nkhope ya chitsulo kuti mpweya usaidye, ndipo madzi oyamba akangoikhudza umasungunuka, ntchito n'kupitirira.

Puleti ya nyuzipepala imagwira usiku umodzi n'kupita kwa ogula zitsulo zakutha, chifukwa aluminiyamu amasungunulidwa n'kupangidwanso china. Ya buku la nyimbo, ya katekisimu, ya makadi a kusikelo kapena ya malisiti a kopaletivi ya alimi imasungidwa, popeza mwini wake adzabweranso. Amaitsuka inki yonse, kuipaka ulimbo mosasiya mizere, kuiumitsa, kulemba dzina la ntchito ndi mtundu wa inki kumbuyo kwake, n'kuipachika choimirira pamalo ouma, pepala lili pakati pa iyo ndi inzake kuti zisakandane. Yosungidwa bwino imakweranso pa makina patapita miyezi yambiri n'kutulutsa tsamba loyera ngati poyamba, ndipo parishi kapena kalabu ya alimi imene inaitanitsa ntchitoyo siilipiranso puleti yatsopano.